Musanayambe kulemba trabalho, yambani mwalimvetsa funso

Abale anga amene mukuphunzira kuno ku Tete, kaya muli ku ISPT, kaya ku UniPúnguè, kaya ku UniZambeze kuja ku Ulongwe, kaya mumaphunzira za patali pa foni muli kwanu ku Tsangano kapena ku Furancungo, nkhani iyi ndi yanu. Zimandiwawa kuona munthu walemba masamba khumi, kapa yokongola, ma referências ali ndondondo kumapeto, waononga ndalama ya pirinta ndi mamega, koma pepala labwerera ndi nota 8 kapena 9 pa 20, nde munthu uja akuyamba kunena kuti dosente amandida. Nthawi zambiri sikuti amakudani ayi. Mwayankha funso lina lomwe iwo sanakufunseni. Ndipo zimenezi zimachitika pa mphindi zoyambirira zenizeni, shefi wa turma wangoponya funso pa gulupu ya WhatsApp, inu mwaliwerenga kamodzi mothamanga, mwaonamo mawu odziwika ngati "carvão" kapena "Cahora Bassa", basi mwatsegula kale Google. Zili ngati kukwera shapa ya ku Zóbuè pomwe ulendo wanu ndi wa ku Songo, galimoto ikhoza kuthamanga bwino kwambiri koma simukafika.

Nde tiyeni tiyende ndi funso limodzi pang'onopang'ono. Tiyerekeze kuti dosente wapereka ili:

"Analise os impactos socioeconómicos do reassentamento causado pela mineração de carvão no distrito de Moatize, entre 2009 e 2015. Máximo 8 páginas."

Choyamba, pezani funso lenileni ndipo mulikopere pa pepala ndi dzanja

Osati lija wakuuzani mnzanu pa njira kuti "akuti tilembe za malasha a ku Moatize". Funso likadutsa pakamwa pa anthu atatu limafika litasintha. Funani chithunzi cha pepala la dosente kapena uthenga umene anatumiza iwowo, nde mukope mawu onse pamwamba pa pepala loyera, osadumpha ngakhale kamodzi. Dzanja limachedwetsa maso, cholinga chake ndi chimenecho. Pa foni timawu tating'ono ngati "entre", "causado pela", "no distrito de" maso amangotilumpha, pomwe ndi timeneti tikukuuzani pomwe muyambire ndi pomwe mulekezere. Pepala limeneli musalitaye, likhale pambali panu mpaka tsiku lopereka.

Chachiwiri, zingani mzere pa verbo imene ikukulamulani

Apa ndikhalitsapo chifukwa ndi pomwe anthu ambiri amagwera. Funso lililonse lili ndi mawu amodzi kapena awiri amene akunena ntchito yomwe muchite, ndipo mawu amenewa sali ofanana ngakhale ife timawatenga onse ngati akungoti "lembani za".

Akati defina akufuna tanthauzo, mizere yochepa, yolunjika. Akati mencione, indique kapena enumere akufuna mungotchula, musataye nthawi ndi nkhani yaitali. Descreva ndi caracterize ndekuti fotokozani mmene chinthucho chilili, maonekedwe ake, zigawo zake. Explique yakwera kale pamwamba, ikufuna chifukwa chake komanso njira imene chinthucho chimachitikira. Taonani kusiyana kwake pa nkhani ya damu la magetsi la Cahora Bassa. Akakuuzani kuti descreva, mukhoza kunena kuti damuli lili pa mtsinje wa Zambezi pafupi ndi Songo, linayamba kumangidwa mu 1969 nkutha mu 1974, mphamvu yake ndi 2075 MW, ndipo mu 2007 Mozambique inatenga gawo lalikulu la HCB, kampani yoyendetsa damuli, kuchokera kwa Portugal. Zonsezi ndi zoona ndipo zakwanira. Koma akati explique chifukwa chake magetsi ambiri a pamenepo amapita ku South Africa, zaka ndi manambala aja paokha sakuyankha kanthu, mukuyenera kulowa m'mapangano a nthawi ya atsamunda pakati pa Portugal ndi South Africa, kuti damulo linamangidwa kale ndi cholinga chogulitsa magetsi kumeneko ndipo mawaya ake akuluakulu analunjika komweko. Mutu ndi womwewo koma ntchito ndi ziwiri.

Compare ikufuna zofanana ndi zosiyana, ndipo muyeso ukhale umodzi mbali zonse. Akati muyerekeze ulimi wa mabanja ku Angónia ndi wa ku Changara, anthu ambiri amalemba masamba atatu a Angónia, kenako masamba atatu a Changara, nkutseka. Kumeneko sikuyerekeza, ndi ma descreva awiri omatidwa pamodzi. Tengani mvula, muone kuti ku Angónia ndi kumtunda kozizira, mvula imagwa yambiri, pomwe ku Changara ndi kotentha ndi kouma. Tengani mbewu, uku chimanga, nyemba, mbatata ya kachewere ndi fodya, uko mapira, mchewere ndipo anthu amadalira kwambiri mbuzi ndi ng'ombe. Tengani misika, tengani njala ya chaka ndi chaka. Mfundo iliyonse madera onse awiri aonekere limodzi.

Discuta nayo ili ndi khalidwe lake. Ikufuna muonetse mbali zingapo za nkhani imene anthu sagwirizana, kenako inuyo muime penapake ndi zifukwa. Mwachitsanzo akati discuta za ensino bilingue, zoti ana ayambe sukulu m'chilankhulo chawo ngati Chinyanja kapena Chinyungwe, sikokwanira kulemba mbiri yoti inayesedwa kudzera mu pulojekiti yotchedwa PEBIMO m'zaka za 1993 mpaka 1997 ndipo Chinyanja cha kuno ku Tete chinali m'gulu la zilankhulo zoyeserazo. Mbiriyo ndi poyambira chabe. Muonetse zomwe amanena amene amaikonda, kuti mwana amamva msanga ndipo amayankhula m'kalasi mopanda mantha, muonetsenso nkhawa za makolo ena zoti Chipwitikizi chichedwa, ndi vuto la mabuku ndi aphunzitsi ophunzitsidwa bwino, kenako munene inu mukuona bwanji. Mukapanda kuima penapake, simunachite discuta.

Tsono funso lathu lija likuti analise. Iyi ndi yolemera. Ikufuna muphwanye nkhani m'zigawo, muone kuti ichi chinabweretsa chiyani, chikugwirizana bwanji ndi icho, nde munene zomwe mwapeza. Munthu amene sanaione verbo imeneyi adzalemba kuti kampani ya migodi ya Vale inasamutsa mabanja kupita ku Cateme ndi ku dera lotchedwa 25 de Setembro m'zaka za 2009 ndi 2010, mu Januwale 2012 anthu a ku Cateme anatseka njanji, mu Ogasiti 2012 boma linatulutsa Decreto 31/2012 yonena za kasamutsidwe ka anthu. Zoona zonse, koma wangondandalika zochitika. Amene akuchita analise afunsa kuti, Cateme ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 40 kuchokera ku tauni ya Moatize, nanga mtunda umenewu unatani kwa munthu amene ankapeza ndalama pogulitsa nkhuni, makala kapena njerwa pafupi ndi tauni? Minda imene anapatsidwa inkabereka ngati yakale? Madzi anali pafupi? Ngati ndalama ndi chakudya zinachepa, kodi zimenezi zikugwirizana bwanji ndi kutseka njanji kuja, ndipo lamulo lija linabwera chifukwa cha phokosolo kapena linali kale m'njira? Mukuonatu kuti mfundo ndi zomwezija koma tsopano zikukokana, ina ikufotokoza inzake.

Chenjeraninso ndi mafunso amene ali ndi ma verbo awiri, monga "identifique e explique" kapena amene kumapeto amati "fundamente a sua resposta" ngakhale "justifique". Kachidutswa komalizako nthawi zambiri ndi komwe kali ndi mapointi ambiri, ndipo ndi komwe anthu amakaiwala chifukwa atopa.

Chachitatu, pezani malire

Bwererani pa pepala lanu lija, tsopano zingani mzere pa mawu amene akuchepetsa nkhani. Funso lathu lili ndi malire anayi ndipo aliwonse akutaya zinthu zina kunja.

Mutu weniweni ndi reassentamento, kusamutsidwa kwa anthu, osati migodi yonse. Nde masamba awiri ofotokoza mitundu ya malasha, kakumbidwe kake, kapena njanji ya ku Nacala imene imadutsa m'Malawi, amenewo ndi kunja. Anzanga a ku ISPT amene mumaphunzira za migodi, ndikudziwa kuti pamenepa ndi pomwe mumadziwa zambiri ndipo dzanja limayabwa kuti mulembe, koma dzigwireni, ndime imodzi yokonzera nkhani yakwana.

Malo ndi distrito ya Moatize. Cateme alowa, 25 de Setembro alowa, Mwaladzi kumene anasamutsidwira anthu chifukwa cha mgodi wa Benga alowanso. Koma mgodi wa Jindal ku Chirodzi uli kunja kwa Moatize, nde ngakhale mwapeza nkhani yabwino bwanji ya kumeneko, siilowa, pokhapokha mzere umodzi woyerekezera.

Nthawi ndi 2009 mpaka 2015. Zoti Vale inagulitsa mgodi kwa kampani ya Vulcan mu 2022 ndi zoona ndipo aliyense kuno akudziwa, koma funso linatseka chitseko pa 2015.

Mbali ndi socioeconómicos, ndekuti za moyo wa anthu pamodzi ndi za chuma chawo. Mawu amenewa ndi awiri ophatikizidwa ndipo onse akufuna yankho: ndalama, minda, ntchito, misika mbali imodzi, sukulu, chipatala, manda a makolo amene anasiyidwa kapena kusamutsidwa, ubale wa m'mudzi ndi ulamuliro wa mafumu mbali inayo. Fumbi ndi kuonongeka kwa chilengedwe zilowe pokhapokha mukuonetsa mmene zinakhudzira thanzi kapena ulimi wa anthu osamutsidwawo. Komanso "impactos" sakutanthauza zoipa zokha ayi, ngati panali nyumba za malata, sukulu kapena chipatala zimene zinamangidwa, zimenezonso ziyikidwe pa sikelo. Dosente akaona mbali imodzi yokha amadziwa kuti munalemba ndi mtima, simunafufuze.

Chachinayi, linenereni funsolo m'Chichewa, mokweza

Ili ndi gawo limene ine ndimalikhulupirira kuposa onse, ndipo sindimamva anthu akulitchula. Ambiri a ife tinakula tikuyankhula Chichewa pakhomo, Chipwitikizi tinakachipeza ku sukulu, ena mpaka munayamba sukulu ku Dedza kapena ku Ntcheu nkudzapitiriza kuno. Nde pali chinthu chimene chimachitika, munthu umatha kuwerenga chiganizo cha Chipwitikizi bwinobwino, mawu onse ukuwadziwa, ukhoza ngakhale kuchiloweza, koma tanthauzo lake lonse silinakhazikike m'mutu. Njira yodziyesera ndi yophweka, tembenuzani pepala, nde munene funsolo m'Chichewa ngati mukufotokozera amayi anu kapena amalume amene sanapite ku yunivesite. Lathu lija lingamveke chonchi: kodi moyo wa anthu amene anachotsedwa m'malo awo chifukwa cha migodi ya malasha ku Moatize unasintha bwanji, pa kapezedwe ka ndalama ndi chakudya komanso pa kakhalidwe kawo, kuyambira 2009 mpaka 2015, ndipo n'chifukwa chiyani unasintha chomwecho?

Mukakanika kulinena, kapena mukaona kuti pakati pa chiganizo mwabwerera ku Chipwitikizi chifukwa mawu ena akukana kutuluka, pamenepo ndi pomwe simunamve. Musachite manyazi ndi zimenezo, mwapeza bowo lisanakugwetseni. Tsegulani dikishonale, Priberam ili pa intaneti ndipo siidya mamega ambiri, koma kwa mawu a kadeira yanu monga "reassentamento" kapena "agricultura familiar" onaninso m'manotsi a dosente chifukwa iwo amakhala ndi tanthauzo limene anaphunzitsa ndipo ndi lomwe akuliyembekezera. Chichewa chathu sichotichedwetsa pa sukulu ayi, apa chikugwira ntchito imene Chipwitikizi chokha sichingagwire, chifukwa m'chilankhulo chako sungathe kudzinamiza kuti wamva pomwe sunamve.

Mukatha, tembenuzaninso pepala muyerekeze zomwe mwanena ndi zomwe zalembedwa. Mwasiya zaka? Mwaiwala mbali ya chuma? Konzani.

Chachisanu, liphwanyeni kukhala timafunso ting'onoting'ono

Funso lalikulu limaopsa, koma mkati mwake muli timafunso tosavuta. Ndani anasamutsidwa, kuchokera kuti kupita kuti, liti? Ankakhala bwanji asanasamuke? Chinasintha n'chiyani pa minda, madzi, ntchito ndi misika? Chinasintha n'chiyani pa sukulu, chipatala ndi moyo wa m'mudzi? Anthuwo, makampani ndi boma anachitapo chiyani? Pa zonsezi, chachikulu n'chiti? Mukazilemba motsatana chonchi mwapeza kale mafupa a desenvolvimento yanu, thunthu la trabalho lija, musanatsegule buku lililonse. Ndipo pambali pa kafunso kalikonse lembani masamba amene mukapatse. Pa masamba 8, introdução ndi conclusão zitenge limodzi ndi theka kapena awiri, mbiri yokonzera nkhani isapitirire limodzi, otsalawo apite kumene verbo ikuloza. Anthu ambiri amachita mosemphanitsa, mbiri masamba asanu, analise theka la tsamba chifukwa malo atha.

Chachisanu ndi chimodzi, werengani timalemba ta pansi

Apa sindichedwapo. Masamba angati, ndipo kapa ndi índice zikuwerengedwa kapena ayi. Ndi ya munthu mmodzi kapena ya gulu. Akufuna normas APA, ndekuti malamulo a kalembedwe ka ma referências, kapena za sukulu yanu. Times New Roman 12, mpata wa 1,5, kapena zina. Mupereka pa pepala kapena pa plataforma, tsiku liti, ola lanji. Ngati dosente anatchula mabuku kapena chiwerengero cha ma referências, lembani pa pepala lanu lija.

Za trabalho ya gulu ndinenepo pang'ono. Chizolowezi choti funso likangofika mugawane pompo, iwe introdução, iwe conclusão, awa desenvolvimento, aliyense nkupita kwake, ndi chimene chimabala pepala limene mutu wake ukunena zina miyendo zina. Khalani kaye pamodzi, ngakhale pa foni, muchite masitepe onse ali pamwambawa limodzi, aliyense alinene funsolo m'mawu ake mpaka mugwirizane, kenako mugawane timafunso tija. Ndipo wolemba conclusão adikire anzake amalize, sangatseke nkhani imene sanaiwerenge.

Chachisanu ndi chiwiri, ngati pali pokayikitsa funsani dosente, koma mufunse bwino

Kupita kwa dosente nkungoti sindinamve funso sikuthandiza, ambiri angokuuzani kuti kawerengeninso. Koma mukapita mutachita kale ntchito yanu nkunena kuti, a dosente, ine ndamva kuti tikambe za anthu osamutsidwa okha, kodi amene anatsala pafupi ndi mgodi osasamutsidwa alowe kapena ayi, funso lotere limayankhidwa mu mphindi imodzi ndipo limaonetsa kuti mwaganiza. Funsani sabata yoyamba, osati usiku woti mawa mupereka. Ngati dosente sapezeka wamba kapena mumaphunzira za patali, dutsirani kwa shefi wa turma, ndipo yankho likabwera liponyedwe pa gulupu kuti onse amve chimodzi.

Chomaliza, lembani yankho lanu m'chiganizo chimodzi, kenako mutsegule intaneti

Inde musanafufuze. Lembani pansi pa funso zomwe mukuganiza panopa, mwachitsanzo kuti kusamutsidwa kunabweretsa nyumba ndi zomangamanga zatsopano koma kunafooketsa njira zimene mabanja ankapezera chakudya ndi ndalama chifukwa cha mtunda, minda ndi madzi. Chiganizo chimenechi sichomaliza, mukawerenga mukhoza kuchisintha kapena kuchigwetsa chonse, ndipo mukapeza umboni wotsutsana nacho musaubise. Koma chimakupatsani chinthu choti muyese, nde mukamawerenga mumadziwa chomwe mukufuna, simungokopa chilichonse chomwe chili ndi mawu oti Moatize.

Mawu ofufuzira atengeni m'funso momwemo. Kulemba "carvão Moatize" kukubweretserani mitengo ya malasha ndi nkhani za makampani. Lembani "reassentamento Cateme", "reassentamento Mwaladzi", "Decreto 31/2012", muyese ndi pa Google Académico. Pa nkhani imeneyi pali lipoti la bungwe la Human Rights Watch la 2013 limene linakamba za anthu osamutsidwa ku Tete, ndipo lamulo lenilenilo ndi bwino kuliwerenga nokha osati kumva za ena. Za ChatGPT ndi anzake, ndikudziwa kuti ambiri mukugwiritsa ntchito. Mukangoponyamo funso osalimvetsa, chimakupatsani nkhani yosalala imene ingakhale ya dziko lililonse, nthawi zina ndi mabuku amene kulibe, ndipo inu simungazindikire kuti chaphonya chifukwa simukudziwa chomwe funso likufuna. Buku lililonse limene mwalitchula mukhale mutaliona ndi maso anu.

Mukamaliza kulemba, musanapite kokapirinta, tengani pepala la funso lija muliyike pambali pa trabalho, nde muwerenge ndime imodzi imodzi mukudzifunsa kuti iyi ikuyankha kafunso kati. Ndime imene ilibe kwake ichotseni ngakhale munaivutikira usiku wonse, malo akewo muwapatse mfundo imene munaifinya. Onaninso kuti zaka zonse zimene mwatchula zili pakati pa 2009 ndi 2015 kapena muli ndi chifukwa chomveka chotulukira kunja, ndipo conclusão yanu inene momveka kuti pa zonse mwapeza, chimene chinasintha kwambiri moyo wa anthu aja ndi chiti ndipo chifukwa chake n'chiyani.